Kutentha kwa Okutobala kuopseza maiwe a nsomba ku Chama

Alimi a nsomba m'boma la Chama, ku Chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia, amalowa m'nyengo yovuta chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukafika. M'chigwa cha Luangwa kutentha kumafika madigiri 40 kapena kupitirira, timitsinje tambiri timauma, ndipo mvula yoyamba kawirikawiri imadza mu Novembala.

Nsomba za bream, zimene alimi ambiri amaweta, zimakula bwino m'madzi a madigiri 25 mpaka 30. Madzi akatentha kuposa apa amasunga mpweya wochepa wa okosijeni, pomwe matupi a nsomba amafuna mpweya wochuluka kuposa kale. Usiku ndere za m'dziwe nazo zimagwiritsa ntchito mpweyawo, kotero kuti nsomba zambiri zimafa mbandakucha. Mlimi akaona nsomba zikubwera pamwamba ndi kuyasama kukamwa m'mamawa, adziwe kuti mpweya wachepa. Milamba imapirirako chifukwa imatha kupuma mpweya wa pamwamba pa madzi.

Nkhani ya msika imakulitsa vutoli. Boma limaletsa usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Nthawi imeneyo ogula amafuna kwambiri nsomba za m'maiwe. Izi zimakopa mlimi kusunga nsomba zake zonse mpaka Disembala, m'dziwe limene madzi ake akuphwa tsiku ndi tsiku. Nsomba zazikulu zothithikana m'madzi ochepa ndi otentha zingathe kufa zonse usiku umodzi, ndipo ndalama zimene mlimi analowetsa pa ana a nsomba ndi chakudya zimapita nazo.

Njira zochepetsera ngozi sizifuna magetsi. Mlimi akolole nsomba zina zazikulu kutentha kusanafike pachimake, kuti zotsala zipeze mpweya wokwanira. Achepetse chakudya monga madeya, ndipo aleke kuthira manyowa madzi akabiriwira kwambiri, pakuti zowola zimamaliza mpweya. Ngati pali madzi oonjezera, awathire m'mamawa, akugwa kuchokera m'mwamba kuti asakanikirane ndi mpweya. Mthunzi wa udzu kapena mphasa ungathandize pa mbali imodzi ya dziwe, koma kuphimba dziwe lonse kumalepheretsa ndere kupanga mpweya masana.

Zonsezi zimadalira m'mene dziwe linakumbidwira. Dziwe lozama mita imodzi kufikira imodzi ndi theka limakhala ndi madzi ozizirira pansi, kumene nsomba zimathawira dzuwa likaswa mtengo. Dziwe losaya limatentha lonse.

Chilala cha El Niño, chimene mtsogoleri wa dziko la Zambia a Hakainde Hichilema anachilengeza kukhala ngozi ya dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024, chinaonetsa kuti madzi amene amaoneka ochuluka mu Epulo angathe kusowa chaka chisanathe. Unduna woona za nsomba ndi ziweto, pamodzi ndi mabungwe othandiza alimi, uyenera kuyesa malo okumbapo dziwe mu Okutobala, madzi atachepa. Kasupe kapena chitsime chimene chikadali ndi madzi mwezi umenewo ndicho chingasunge nsomba za mlimi wa ku Chama kufikira msika wa Disembala.