Mbiri ya ku Jeanes ikhale kuti?

Akuluakulu a m'chigwa cha Domasi akamati "ku Jeanes" amanena sukulu imene boma la atsamunda linatsegula mu 1929 ndi thandizo la Carnegie Corporation ya ku America. Kunkabwera aphunzitsi ndi akazi awo, kenaka mafumu, kudzaphunzira ulimi, ukhondo ndi ntchito zamanja. Pamenepo n'kuti mishoni ya Church of Scotland ili kale m'chigwamo kuyambira mu 1884. Nanga makalata ndi malipoti a ntchito yonseyi akhale kuti?

Ena akuti akhale kumene ali, ku National Archives of Malawi ku Zomba, nyumba yosunga zakale imene inatsegulidwa mu 1947. Mfundo yawo ndi yomveka. Pepala lili ndi adani ambiri: chiswe, chinyezi, makoswe, ngakhalenso zala za anthu. Moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unapsereza mbiri yambiri, ndipo sinabwererenso. Chinthu chosowa chotero chimafuna katswiri wochisamala. Komanso wofufuza akapeza makalatawo pamalo amodzi, amatha kuyerekeza za ku Domasi ndi za madera ena.

Enanso akuti mbiri yotsekeredwa m'bokosi siphunzitsa munthu. Mwana wa kwa Malemia amadutsa pa Malawi Institute of Education osadziwa kuti agogo ake anaphunzira chiyani m'chigwa chomwecho cha Domasi. Makalata ena a amishoni ali kutali, ku Edinburgh. Ambiri ndi a m'Chingerezi, olembedwa ndi azungu, choncho mumamveka mawu a ophunzitsa, osati a ophunzitsidwa. Amayi amene ankasoka ndi kuluka, ndi mafumu amene ankabwerera kwawo ndi nzeru zatsopano, nkhani zawo zinatsala m'mitu ya ana ndi adzukulu awo. Nkhalamba ikamwalira, nkhanizo zimapita nayo kumanda.

Mbali ziwirizi zikuopa zinthu zosiyana: ina ikuopa kuwonongeka kwa pepala, inzake ikuopa kuiwala kwa anthu. Mantha onsewa ndi oona, koma pepala losungidwa bwino litha kudikira, pamene nkhalamba singadikire.

Choncho makalata enieniwo akhale ku Zomba, koma ajambulidwe, amasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, makope ake afike ku Domasi. Ndipo inu ophunzira a ku Domasi College of Education, tengani mafoni anu mukacheze ndi agogo m'midzimo akadali ndi moyo.