Mau Akuluakulu Si Chingerezi

Mwezi wathawu, titangotuluka m'tchalitchi, mayi wina wa mu mphakati wathu adatikokera pambali natipatsa kalata. Adati mwana wao, amene ali m'chaka chachitatu ku sukulu ya ukachenjede, ndiye adailemba pofuna kupempha malo ophunzirirapo ntchito pa nthawi ya tchuthi. Sadabwere kudzafunsa ngati kalatayo ili bwino, ai. Adabwera kuti nafenso tione nzeru za mwanayo. "Tamvani Chizungu chakecho," adatero mayiwo akumwetulira, "ine ngakhale liu limodzi sindikulitolapo."

Tidaiwerenga kawiri. Idali yodzaza ndi mau ataliatali, ena oti ifenso tidachita kukawafunafuna m'dikishonale titafika kunyumba. Koma titafika pa mapeto ake sitidathe kudziwa chimene mnyamatayo ankapempha, tsiku limene ankafuna kuyamba, ngakhale maphunziro amene akuchita. Chiganizo choyamba chidadzaza mizere isanu, koma mneni wake sadaoneke. Tidaipinda kalatayo n'kuwauza mayiwo kuti mwanayo akabwera adzatipeze. Kunena zoona, tidaopa kuwakhumudwitsa pakhomo pa tchalitchi.

Mayi aja sali okha, ndipo mlandu si wao okha. Ambiri a ife tidakula tikukhulupirira kuti Chingerezi chabwino ndi chimene sitikuchimva. Munthu akaimirira pa ukwati kapena pa msonkhano n'kuyamba kugwetsa mau olemera ngati miyala, timaomba m'manja n'kumati uyu ndiye adapita kusukulu. Ana athu amationa tikutero. Tsono akafika ku yunivesite amayesa kuti ntchito yao ndi kutolera mau achilendo monga mmene mwana atolera ziwala, n'kumawathira m'chimangirizo chilichonse. Ife tikuti chikhulupiriro chimenechi n'cholakwa, ndipo chikuononga ana omwewo amene tidawagulitsira mbuzi ndi chimanga kuti aphunzire. Pajatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhaniyi si yamasewera, chifukwa muno m'Malawi Chingerezi ndi chipata. Mwana amene walephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4 salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale masamu atakhoza bwanji. Ndipo kuti aganiziridwe malo ku yunivesite ayenera kukhoza bwino maphunziro 6, limodzi mwa iwo likhale Chingerezi. Akalowa, kaya ndi ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo kapena ku Nguludi, pafupifupi mabuku onse ndi mayeso onse adzawapeza m'chiyankhulo chomwecho. Akamaliza, namwino adzawerenga malangizo a mankhwala m'Chingerezi, ndipo loya adzalemba pangano la malo m'Chingerezi. Chiganizo chopindika m'manja mwa anthu otere chingathe kulanda munthu munda wake, mwinanso moyo wake.

Anthu ena akamva dandaulo lakuti ophunzira a masiku ano salemba bwino, amathamangira kuloza chala Chichewa. Alipo makolo m'matauni amene adachiletsa m'nyumba zao, mwana n'kumakula osatha kupereka moni kwa agogo ake. Nalo boma lidayenda njira yofanana. Kwa zaka zambiri ana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, n'kusamukira ku Chingerezi mu Sitandade 5. Koma lamulo la maphunziro la 2013 lidati chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo mu 2014 kudalengezedwa kuti zimenezi ziyambire mu Sitandade 1. Kulemba lamulo n'kosavuta. Koma lamulo siliika buku m'manja mwa mwana, ndiponso silikhala pansi usiku n'kuchonga zimangirizo.

Amene akuti Chichewa ndicho chikupha Chingerezi atiyankhe funso ili: nanga anthu amene adatchukitsa dziko lino ndi zolemba zao adakulira m'nyumba zotani? Legson Kayira adabadwira kumudzi, kumpoto. Mu 1958 adanyamuka wapansi kulinga ku America kukafuna maphunziro, m'kathumba mwake muli mabuku awiri okha, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress. Mu 1965 buku lake la I Will Try lidasindikizidwa, anthu a maiko akutali n'kumaliwerenga. Jack Mapanje, wa ku Mangochi, amene ndakatulo zake zidatuluka mu 1981 m'buku la Of Chameleons and Gods, adakapanga digiri yake ya udokotala ku London pofufuza mmene nthawi za aneni zimayendera m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Munthu ameneyu sadataye ziyankhulo za kwao kuti apeze Chingerezi. Adaziika pa mphasa imodzi n'kumazifananitsa.

Gwero la vutoli lili kwina. Mu 1994 sukulu ya pulaimale itakhala yaulere, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Chidali chinthu chabwino, ndipo sitingafune kuti chibwerere m'mbuyo. Koma mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi sangapereke chimangirizo mlungu uliwonse n'kuchichonga liu ndi liu. Ku sekondale nako kudadza timabuku ta mafunso ndi mayankho, toloweza pamtima, ndipo mwana angathe kukhoza mayeso a Fomu 4 asadawerengepo buku limodzi lathunthu mwa kufuna kwake. Mwana woteroyo ndiye akufika ku yunivesite. M'chaka choyamba amamupatsa phunziro la luso la chiyankhulo kwa miyezi yowerengeka, basi aphunzitsi ena onse n'kusamba m'manja, ati kukonza Chingerezi si ntchito yao. Wa sayansi amachonga manambala okha, wa zaulimi amafuna mfundo zokha. Ife tikuti kumeneku n'kuthawa udindo. Pepala limene labwerera kwa mwini wake lili ndi malikisi pamwamba koma lopanda inki yofiira m'kati silidamuphunzitse kanthu.

Tiyeni tione pamene ophunzira athu amapunthwa kwenikweni. Sapunthwa pa mau ataliatali. Amapunthwa pa timau ting'onoting'ono timene Chichewa chilibe, kapena chimatiyendetsa mwa njira ina. Ife tikati "munthu wabwera" sitisowa kuonjezera kanthu, koma Mngerezi ayenera kusankha pakati pa "a" ndi "the", ndipo kusankhako kumasonyeza ngati munthuyo ndi uja tonse tikumdziwa kale kapena ndi wina aliyense. Ife timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. N'chifukwa chake mumamva wa digiri akutchula amayi ake kuti "he". Ife timati "ndabwereka" komanso "ndibwerekeni", mneni mmodzi yemweyo, pamene Chingerezi chimasiyanitsa "borrow" ndi "lend". Timamva mau, timamva fungo, timamva ululu, timamvanso tanthauzo. Mngerezi ali ndi aneni anai pa zinthu zinaizi. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Chiyankhulo chilichonse chili ndi mphako zake, ndipo naye Mngerezi amatuluka thukuta akamaphunzira chifukwa chake timati "mtengo wagwa" koma "chingwe chaduka".

Chimene chimatipweteka n'chakuti Chichewa chomwe tikuchinyozacho ndicho makwerero. Mwana aliyense wa kumudzi amadziwa kusiyana kwa "ndadya" ndi "ndidadya". Akati "ndadya" akutanthauza kuti m'mimba mukadali modzaza, musamuikirenso nsima. Akati "ndidadya" akusimba za kale zimene zidatha. Kusiyana kumeneku kuli pafupi kwambiri ndi kwa "I have eaten" ndi "I ate", kumene kumasautsa ophunzira mpaka m'chaka chachinai. Wophunzira amene wasonyezedwa kuti chinthuchi ali nacho kale pakamwa pake amachigwira madzulo amodzi. Koma amene adauzidwa kuti Chichewa n'cha anthu osaphunzira amaloweza lamulo lopanda mizu, mayeso akatha n'kuliiwala.

Nanga za kuchuluka kwa mau? Pano akatswiri adawerengera, ndipo chiwerengero chao chiyenera kutidzutsa. Paul Nation, wa ku New Zealand, adasonyeza mu 2006 kuti munthu awerenge buku kapena nyuzipepala ya Chingerezi popanda womuthandiza, ayenera kudziwa mau 98 pa mau 100 aliwonse, ndipo kuti afike pamenepo afunika mabanja a mau pakati pa 8,000 ndi 9,000. Banja la mau ndiye liu limodzi pamodzi ndi ana ake onse otuluka m'menemo. Mnzake Averil Coxhead adatulutsa mu 2000 mndandanda wa mabanja 570 amene amabwerezedwabwerezedwa m'mabuku a ku yunivesite, kaya ndi a zamalamulo, a sayansi kapena a zamalonda. Mukauona mndandandawo mudzadabwa: simuli mau ogometsa anthu pa ukwati. Muli mau odzichepetsa onga "method", "assume", "analyse", "significant". Amenewa ndiwo amasenza katundu wa maphunziro. M'kalata ya mnyamata uja mudalibe ndi limodzi lomwe.

Mabanja 570 munthu angathe kuwaphunzira pa mndandanda, ndipo wophunzira wanzeru achite zimenezo chaka choyamba chisadathe. Koma 8,000 palibe angawaloweze pa pepala. Liu lili ngati mkamwini: sumamdziwa pa tsiku la chinkhoswe. Umamdziwa utamuona kumunda, pamaliro, pa mlandu, utaona anthu amene amayenda nao ndi amene sagwirizana nao. Momwemonso liu la Chingerezi umalidziwa utakumana nalo kambirimbiri m'ziganizo zosiyanasiyana, mpaka khutu lokha n'kumakuuza kuti Mngerezi amati "make a decision", sanena kuti "do a decision". Malo okumanirana ndi mau motere ndi amodzi okha: m'mabuku aatali, owerengedwa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Buku la galamala longa la Raymond Murphy, limene lidatuluka koyamba mu 1985, n'labwino, nayo dikishonale ya Hornby n'njabwino. Koma zimenezi ndi makasu, si munda.

Tikudziwa chimene ena ayankhe: mabuku ndi okwera mtengo, ndipo nyumba zowerengeramo n'zochepa. N'zoona. Tidalira tonse mu December 2015 pamene moto udapsereza laibulale ya yunivesite ya Mzuzu ndi mabuku ake zikwizikwi. Komabe tikumbuke William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha kusowa fizi, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka kwaoko, Chingerezi chake chili chopunduka, n'kumalimbana ndi buku la Using Energy poyang'ana zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mau. Adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, ndipo mu 2014 adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Wophunzira wa lero ali ndi foni m'thumba, momwe angapezemo mabuku akale zikwi zambiri mwaulere. Ndalama ya intaneti imene timamutumizira imathera kuti? Nafenso m'maparishi mwathu timasonkha msanga ndalama za nsalu ya kwaya ndi za phwando, pamene mabuku amene adasiya ansembe akale akudyedwa ndi chiswe m'kabati imene kiyi wake palibe akudziwa kumene ali.

Tsopano kwadzanso chinyengo china. Kuyambira mu 2022, pamene ChatGPT idatulukira, wophunzira angathe kulamula makina kuti amulembere chimangirizo chosalala, chopanda cholakwa ndi chimodzi chomwe. Sitikunena kuti makinawa ndi oipa. Amene amalemba yekha n'kuwafunsa kuti amusonyeze pamene walakwa ndi chifukwa chake, wapeza mphunzitsi wosatopa. Koma kuwalembetsa chimangirizo n'chimodzimodzi kutuma waganyu kuti akakudyere nsima. Waganyu angakulimire munda, zokolola n'kukhala zako. Kudya kokha ndiye ayi, njala imatsala ndi iwe. Tsiku lofunsidwa mafunso a ntchito, pamaso pa anthu atatu okhala kuseri kwa tebulo, foni imakhala m'thumba.

Inu makolo anzathu, simusowa kudziwa Chingerezi kuti muthandize mwana wanu pa zimenezi. Akabwera ku tchuthi, musamufunse kuti akuyankhulireni Chizungu. Mufunseni buku limene akuwerenga, ndipo akusimbireni nkhani yake m'Chichewa, pa mphasa, abale ake akumva. Ngati sangathe kuifotokoza m'chiyankhulo cha amayi ake, ndiye kuti m'Chingerezimo sadaimve. Ndipo mulekeni kumutamanda chifukwa cha mau amene simukuwamva, pakuti kutamanda kotero kumamuopsa kufunsa, n'kukhala ngati mbewa ya manyazi ija idafera kuuna.

Mnyamata uja adabweradi kudzatipeza. Tidaika kalata yake pambali n'kumufunsa m'Chichewa kuti akufuna chiyani. Adayankha bwinobwino: akuphunzira zaulimi wothirira, akufuna kugwira ntchito miyezi iwiri popanda malipiro, ndipo angathe kuyamba sukulu ikangotsekera. Tidamuuza kuti alembe zomwezo m'Chingerezi. Zidamutengera ola lathunthu, ndipo tidakangana naye pa "the" katatu. Kalata yatsopano idali ya mizere 9. Atapita nayo kunyumba n'kuwawerengera amayi ake, mayiwo adatipeza Lamulungu lotsatira nkhope ili yakugwa. Adati kalatayo yafupika kwambiri, ndipo akuopa kuti mabwanawo sakaona kuti mwanayo ndi wa ku yunivesite, chifukwa ngakhale iwo omwe, amene adalekezera Sitandade 6, aimva pafupifupi yonse.