Za Pakhomo: Jeraniyamu Wokana Kucita Maluwa

Abale ndi alongo a m'bungwe, mwezi uno tifuna kukamba za maluwa, ndipo wina asanene kuti iyi ndi nkhani ya ana. Mukumbukira nonse kuti tidapangana pa msonkhano kuti nyumba iri yonse isunge citini cimodzi kapena ziwiri za jeraniyamu, kuti pa tsiku la maliro ndi pa tsiku lolambula kumanda tisagulenso maluwa ku tauni ndi ndalama za m'thumba la bungwe. Ndalamazo nza bokosi, nsalu ndi ufa wa pa siwa. Makolo a ambiri a ife adacokera kutali, ndipo amene agona m'manda a pa pulazi pano alibe wina wowakumbukira koma ife tokha.

Tsono pamene tidayenda m'komboni kuona zitinizo, tidapeza masamba obiriwira bwino, koma maluwa ai. Mai ena amasiye adatiuza ndi cisoni kuti iwo athirira m'mawa ndi madzulo, adathiramo feteleza wa cimanga, naika citinico pa mthunzi kuti cisapse, koma duwa losonyeza pa manda a amuna awo silioneka. Tidawayankha kuti, "Amai, simudalakwe mwa ulesi, koma mwa cifundo copitirira." Ndipo ambiri a ife talakwa momwemo.

Tidziwe poyamba kumene duwali lidacokera. Anthu ayesa kuti nla ku Ulaya, cifukwa aliona pa khonde la nyumba zazikulu. Koma makolo ace nga ku South Africa, makamaka dziko la Cape, ndipo zombo zidawatengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600. Ndi comera cozolowera dzuwa ndi nthaka yosasunga madzi. Gwirani tsinde lace muone kunenepa kwace: m'menemo asungamo madzi ace a pa ulendo.

Cinthu coyamba ndi dzuwa. Jeraniyamu afuna dzuwa maora 6 pa tsiku kapena kuposa. Pa mthunzi angotalika, nawonda, osacita kanthu. Kuno dzuwa la nyengo yozizira liyenda ca kumpoto, cotero ikani citini ku mbali ya kumpoto ya nyumba. M'kutentha kwa Okutobala cisunthireni ca kum'mawa, kuti cilandire dzuwa la m'mawa ndi kupuma madzulo.

Caciwiri ndi madzi. Boolani pansi pa citini ndi msomali malo anai kapena asanu, ndipo sakanizani dothi ndi mcenga wa ku mtsinje. Musathirire cifukwa kwaca. Pisani cala m'dothi kufikira pa mfundo yoyamba. Ngati muli cinyezi, lekani. Ngati mwauma, thirani pa dothi, osati pa masamba, mpaka madzi aturukire pansi. Masamba a m'munsi akayamba cikasu ndi tsinde kuda ndi kufewa, dziwani kuti mizu irinkuola. Pa dzinja, mvula ikagwa masiku otsatana, kokerani citini pansi pa cidikha ca denga.

Cacitatu ndi cakudya, ndipo apa ife anthu a m'munda wa fodya sitiyenera kuphunzitsidwa kawiri. Ku fodya tithira feteleza wa naitirojeni, ndipo tithena duwa, pakuti cimene tifuna ndi tsamba. Kwa jeraniyamu tifuna duwa. Mukampatsa feteleza wobereketsa cimanga, adzakupatsani masamba okha okha monga fodya. Manyowa oola bwino odzaza dzanja limodzi akwanira pobzala. Pambuyo pace kaphulusa ka nkhuni kotapa ndi zala zitatu, kamodzi kamodzi, kathandiza, cifukwa muli potashi. Musacurutse.

Cacinai ndi citini ceni ceni. Tidaona ena atabzala kamtengo kamodzi m'ndowa yonse. M'malo akulu cotero iye atha mphamvu zace kutambalitsa mizu, ndipo dothi licedwa kuuma. Acita maluwa bwino pamene mizu yadzaza citini. Citini ca jamu cacikulu cikwanira mbeu yatsopano. Mudzasamutse pokhapo mizu yayamba kuturukira pa mabowo.

Cacisanu ndi kutsina. Mbeu ikali yaing'ono, tsinani nsonga yace kuti ipange nthambi zambiri, pakuti nthambi iri yonse idza ndi maluwa ace. Duwa likafota musalisiye kuti libale njere. Thyolani phesi lace lonse pamene lilumikizana ndi tsinde, ndipo lina lidzatsata.

Pa Juni ndi Julaye cenjerani ndi cisanu ca usiku, makamaka inu okhala kufupi ndi dambo. Lowetsani citini m'nyumba madzulo, kapena ciphimbeni ndi thumba, ndipo cepetsani madzi.

Amene mulibe mbeu musagule. Pemphani kanthambi kwa mnansi, kotalika masentimita 10, kodula pansi pa mfundo. Cotsani masamba a m'munsi, kasiyeni pa mthunzi maora owerengeka kuti bala liume, ndipo kabzaleni m'mcenga wa cinyezi pang'ono. Pakapita masabata atatu kapena anai kadzakhala katagwira.

Kanthu kamodzi kotsiriza. Citini cosiyidwa kumanda copanda woyang'anira cidzauma, kapena mbuzi zidzacigubuduza. Cotero tipempha kuti zitini zikhale kunyumba, ndipo kumanda tipite ndi maluwa othyola. Pa msonkhano ukudzawu ali yense amene jeraniyamu wace wakula abwere ndi tinthambi tiwiri, tigawire amasiye ndi okalamba poyamba. Musaiwalenso makhadi anu a copereka.

Tsalani bwino, abale.