Kanema wathu wa ku Nselema anafika ku Joni aphunzitsi asanamuone

Semesita yapitayi gulu lathu la anthu 5 linapatsidwa ntchito yokonza kanema wa mphindi 7 pa nkhani ya m'dera limene mmodzi wa ife amalidziwa bwino. Tinasankha Nselema, m'boma la Machinga, chifukwa mnzathu wina kwawo ndi komweko. Nkhani sinali yosowa. Aliyense woyenda pa msewu wa Bakili Muluzi Highway kuchoka ku Liwonde kudutsa pa Ntaja amaona nyumba za malata zomangidwa ndi ndalama za ku Joni. Ife tinkafuna kumva kwa amayi amene atsala m'nyumbazo amuna awo ali ku South Africa.

Aphunzitsi anatiuza kuti tigwiritse ntchito zipangizo zamakono pa gawo lililonse, kuyambira pofufuza nkhani mpaka pooneretsa, ndipo tizilemba zimene tachita. Lamuloli tikugwirizana nalo. Chimene tikudandaula n'chakuti ophunzirafe, ngakhalenso pepala limene amachongera malikisi, timaganiza kuti ntchito ya foni imayamba pojambula n'kuthera posula kanema. Pamene foni ikhoza kuvulaza munthu ndi pamagawo awiri amene sitiwawerengera: tisanajambule, komanso titamaliza.

Tiyambe ndi zimene zinayenda bwino, kuti inu a chaka choyamba musamadikire kamera yaikulu. Foni ndi yokwanira. Chimene chimaononga makanema a ophunzira si chithunzi koma mawu, makamaka pa malo ngati Nselema pamene njinga zamoto za kabaza sizipuma. Tinkajambula ndi foni imodzi, ina n'kuiika pafupi ndi wolankhulayo kuti izitola mawu okha. Poyamba pa chigawo chilichonse mmodzi ankaomba m'manja kamodzi, kuti posula tigwirizanitse mawu ndi chithunzi pa phokosolo. Mkokomo wa mphepo tinauchepetsa ndi Audacity, pulogalamu yaulere, ndipo kanema yense tinamusulira mu CapCut. Kumbukirani kuti kanema wooneka bwino amadya ma MB pafupifupi 100 pa mphindi imodzi, choncho madzulo alionse tinkakopera zonse mu laputopu. Google Drive imapereka ma GB 15 aulere, inde, koma bandulo yokwezera zinthuzo si yaulere. Potumizirana pa WhatsApp muzitumiza ngati document, apo ayi chithunzi chimafika chitafooka.

Panali zina zimene foni sinatithandize nkomwe. Amayi ambiri anasankha kulankhula Chiyao, ndipo batani lija limene limalemba lokha mawu pansi pa kanema silimva Chiyao. Mnzathu wa ku Nselema uja anakhala usiku utatu akumvetsera ndi kumasulira chiganizo ndi chiganizo. Masiku ojambulira nawonso anali ochepa kuposa mmene tinawerengera tili pasukulu. Lachisanu masana anthu ambiri kumeneko amapita ku mzikiti, dzuwa likalowa ife tayamba Sabata. Kalendala ya pa foni imene tinkanyadira ija sinadziwe zimenezi. Anatikumbutsa ndi mayi ake a mnzathuyo.

Tsono nachi chimene chatilembetsa nkhaniyi. Mayi wina anatiuza, akudziwa kuti tikujambula, kuti amuna awo atha miyezi ingapo osatumiza ndalama, ndipo akuganiza kuti anakwatira wina kumeneko. Anali mawu amphamvu kuposa onse amene tinatola. Madzulo ake mmodzi wa ife, posangalala ndi ntchito, anaika kachidutswa ka masekondi 30 pa status ya WhatsApp. Sanaganize zoipa. Koma pa anthu amene anaona panali wa m'mudzi momwemo, ndipo pasanathe masiku awiri kachidutswako kanali m'mafoni a anyamata a ku Nselema amene ali ku Johannesburg. Mwamuna uja anaimba foni atakwiya. Apongozi anabwera kudzafunsa chifukwa chimene mpongozi wawo akuyalutsira banja pagulu. Ife tinali titakwera kale minibasi.

Mayiwo tinawapempha chilolezo, n'zoona. Tinali ndi pepala lachingerezi limene anadindapo chala. Koma iwo anamva kuti kanemayo ndi wa kusukulu, adzaonedwa ndi aphunzitsi basi. Sitinawauze za status, sitinawauze kuti chinthu chikangolowa m'foni ya munthu wina sitingathe kuchibweza. Chilolezo chotere n'chachinyengo, ngakhale kuti palibe mwa ife amene ankafuna kunama.

Ena m'kalasi anati tikukokomeza. Akuti utolankhani ndi kuulula, ndipo mukayamba kufunsa aliyense ngati wakondwa mudzatsala ndi kanema wopanda mchere. Pa nduna, bwanamkubwa kapena mkulu wa kampani amene wabisa zinthu za anthu, tikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020. Koma mayi wogulitsa mpunga sanadye ndalama za boma. Anatipatsa nkhani yake mwaulere kuti ife tipeze malikisi. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo kuyambira 2024 tili ndi Data Protection Act, imene a MACRA amayang'anira. Tikadzayamba ntchito ku wailesi kapena ku kanema malamulo amenewa adzatipeza. Ndi bwino atipeze titazolowera kale.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala ake anali m'foni momwemo. Chilolezo tikanachijambula ndi mawu, m'Chiyao, munthu akumva n'kubwereza yekha kumene kanemayo adzapite: m'kalasi mokha, kapena pa YouTube, kapena pa Facebook. CapCut yomweyo imatha kuphimba nkhope ndi kusintha mawu. Tikanagwirizananso kuti zojambula zonse zizikhala ndi munthu mmodzi, ena onse n'kufufuta m'mafoni awo tsiku lomwelo. Zonsezi sizidya bandulo.

Tinabwerera ku Nselema patatha milungu iwiri, ndi ndalama za m'thumba mwathu. Tinayamba kwa mfumu, kenako kwa apongozi aja kukapepesa, ndipo mnzathu amene anaika status anayankhula yekha. Titatero tinatsegula laputopu pakhonde n'kuonetsa amayi onse anayi kanema yense asanapite kwina kulikonse. Anaseka atadziona. Mmodzi anatikonza pamene tinamasulira molakwika mawu ake, ndipo tikanapanda kubwerera cholakwikacho chikanapita kwa aphunzitsi ngati choona. Wina anapempha kuti tichotse pamene mwana wake akuoneka. Mayi uja anati tichotse gawo lake lonse, ndipo tinachotsa pomwepo iwo akuona.

Kanemayo anatsala wa mphindi 5, ndipo tinataya malikisi chifukwa chosakwanitsa utali umene anatiuza. Sitikudandaula nazo. Pempho lathu kwa aphunzitsi a kosiyi ndi lakuti pa pepala lochongera paja, pamene pali malikisi a kuwala, a mawu ndi a kasulidwe, awonjezerepo mizere iwiri: umboni wa chilolezo chojambulidwa m'chilankhulo cha mwini nkhani, ndi umboni wakuti gululo linabwerera kukaonetsa ntchitoyo kwa amene anajambulidwa. Ndalama ya ulendo wachiwiriwo iziwerengedwa mu bajeti ya pulojekiti kuyambira pachiyambi, monga timawerengera bandulo ndi memore khadi. Gulu la chaka chino tamva kuti likufuna kukajambula asodzi ku nyanja ya Chiuta, ndipo linyamuka mwezi wamawa.