Mliri ukavuta, wakumudzi amathawira kutchire

Mu June 2020, m'nkhalango ya Bwindi ku Uganda munapezeka mtembo wa Rafiki, gorila wamphongo yemwe ankatsogolera gulu limene alendo ankalipira madola mazanamazana kuti akalione. Anachita kubayidwa ndi mkondo. Bambo amene anagwidwa anavomera mlandu, koma anati iye m'nkhalangomo analowera agwape ndi nguluwe, ndipo Rafiki atamulonda anangodziteteza. Khoti linamugamula kuti akakhale kundende zaka 11. Dziko lonse linalira gorila, ndipo m'pomveka, poti agorila a m'mapiri onga iyeyu angotsala opitirira pang'ono 1,000. Chomwe sichinafunsidwe mokwanira ndi chakuti m'midzi yozungulira Bwindi anthu ankadya chiyani miyezi imeneyo.

Covid-19 inali itatseka zipata za nkhalango kuyambira mu March. Ku Uganda, 20 pa 100 iliyonse ya ndalama zapachipata zimapita kumidzi yoyandikana ndi nkhalango, ndipo alendo atasiya kubwera gawolo linauma. Wonyamula zikwama za alendo anakhala manja lende, mayi woluka madengu anasowa womugula. Bungwe loyang'anira nyama zakutchire m'dzikolo linanena kuti m'miyezi yoyamba ya mliri milandu yosaka nyama mozemba inawirikiza kawiri poyerekeza ndi chaka cha 2019.

Kuno kwathu ku Malawi zinthu zinayenda njira yomweyo. Pa 20 March 2020 boma linalengeza kuti dziko lili pangozi, pa 2 April odwala oyamba anapezeka, ndipo ndege zonyamula anthu zinaleka kutera mpaka mu September. Malo ogona alendo ku Liwonde, ku Majete ndi m'mbali mwa nyanja anangoti zii. Amene anavutika si eni malojiwo okha. Kumbuyo kwa loji iliyonse kuli mlimi wa tomato, msodzi wa chambo, wosema ziboliboli ndi mnyamata wochapa magalimoto. Nthawi yomweyo South Africa inatseka chilichonse kumapeto kwa March, ndipo ndalama za ku Joni, zomwe zimagula chimanga ndi feteleza m'makomo ambiri ku Mangochi, Machinga ndi Mzimba, zinachepa. M'malo mwa ndalama, mabasi anayamba kutsitsa eni akewo pa Mwanza, ambiri ali chimanjamanja.

Boma linaganizira ndani? Ndalama ya K35,000 pa mwezi yomwe inalonjezedwa inali ya mabanja a m'mizinda inayi: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Chonsecho kalembera wa 2018 anaonetsa kuti Amalawi 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Wina anganene kuti kumudzi kuli Mtukula Pakhomo. Ndi zoona, koma ndondomeko imeneyo imasankha mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Bambo wazaka 30 amene ntchito yapaloji yatha, kapena amene wabwerako ku Joni ali ndi chikwama chokha, salowamo. Ndiye munthu yemweyo, wamphamvu zake, wa ana akulira njala, amene amadziwa pomwe mpanda wa nkhalango uli pofooka. Pamene iye ankasowa pogwira, gawo la K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliri linali kudyedwa m'maalawansi, mpaka mu April 2021 Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zantchito, Ken Kandodo, lipoti la kafukufuku wa ndalamazo litatuluka.

Pasakhale wonamizira kuti msampha ndi chinthu chabwino. Mlenje amatenga waya wa buleki ya njinga, kapena wodula pampanda, n'kupinda khwekhwe, n'kumangirira ku mtengo m'kanjira komwe nyama zimadutsa popita kumadzi. Amafuna nswala kapena njiri, koma waya sasankha. Umagwira mwendo wa mkango, umadula chitamba cha mwana wa njovu. Nyama ikamakoka, wayayo amalowerabe m'mnofu mpaka pafupa, ndipo mwini msampha akachedwa kudzaona, nyamayo imawolera pomwepo osadyedwa ndi aliyense. Pamene bungwe la African Parks linkatenga nkhalango ya Liwonde mu 2015, misampha inali mbwee, ndipo m'zaka zotsatira oyang'anira nkhalango anazula yoposa 30,000. Nawonso okumba mbewa ali ndi mlandu wawo: moto umene amayatsa mu August ndi September kuti mauna aonekere umapsereza tchire lonse, udzu wofolera ndi mitengo ing'onoing'ono yomwe, nthawi zina mpaka nkhokwe za eni.

Koma kuvomereza zimenezi sikufanana ndi kuvomereza mfuwu umene unabuka mu 2020, woti nyama yonse yakutchire iletsedwe padziko lonse. Mfuwuwo unayamba chifukwa odwala ambiri oyamba a Covid-19 ku Wuhan, ku China, anali okhudzana ndi msika wa Huanan, komwe nyama zamoyo zinkagulitsidwa zili m'makola othithikana. Pa 24 February 2020 China inaletsa kudya nyama zakutchire, ndipo inachita bwino. Cholakwika chinali kutenga msika wa mumzinda wa anthu mamiliyoni n'kuuika m'thumba limodzi ndi mnyamata wa ku Ntcheu amene waima pamsewu wa M1 ndi mpani wa mbewa. Mbewazo wakumba yekha ndi khasu m'munda wokololedwa, waziwiritsa m'madzi amchere, waziumitsa, wazipana bwinobwino pakati pa timitengo tiwiri. Akagulitsa amagula sopo ndi makope, zikatsala ndi ndiwo zapakhomo. M'nyumba momwe nyama yambuzi imalowa pa Khirisimasi pokha, mbewa, ngumbi ndi bwampini ndizo zimapatsa ana thanzi.

Chiletso chachimbulimbuli chinayesedwa kale, ndipo zotsatira zake zinalembedwa. Ebola ya kumadzulo kwa Africa inayambira m'mudzi wa Meliandou ku Guinea mu December 2013, ndipo inapha anthu oposa 11,000 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone. Ofufuza amaloza mileme ngati gwero lake, koma matendawa atalowa mwa munthu woyamba, ankafala kuchokera kwa munthu kupita kwa mnzake, posamalira odwala ndi posambitsa maliro. Ngakhale zinali choncho, maboma analetsa nyama yakutchire yamtundu uliwonse. Kafukufuku wa Jesse Bonwitt ndi anzake, yemwe anatuluka mu 2018, anapeza kuti kusaka sikunathe. Malonda anangolowa mobisa, komwe palibe angawayang'anire. Choopsa kwambiri n'chakuti anthu omwe makolo awo anadya nyama zimenezi osadwala anayamba kukayikira uthenga wa azaumoyo, pa nthawi yomwe kukhulupirirana kukanapulumutsa miyoyo.

Uthenga woona ndi wosavuta kuunena, ndipo wakumudzi angaumve. Mleme, nyani ndi pusi zisakhudzidwe. Nyama yopezeka itafa yokha isatoledwe, kaya ndi mvuu kaya ndi ng'ombe. Wosenda nyama asakhale ndi bala m'manja, ndipo nyama ipse mokwanira. Mlangizi wazaumoyo akanena zimenezi pansi pa mtengo wa kachere, anthu amagwedeza mutu. Akanena kuti mbewa ndi imfa, amamuseka iye atangotembenuka, ndipo mawa akadzabwera ndi katemera amapeza zitseko zotseka.

Lamulo lathu la nyama zakutchire, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limalola chilango chofika zaka 30 kwa opezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga za chipembere kapena ngaka. Lamulo limenelo ligwire ntchito, monga linachitira mu 2021 pamene Lin Yunhua, mkulu wa gulu lozembetsa nyama, anagamulidwa zaka 14. Anthu otere njala saidziwa. Amachita malonda a mamiliyoni. Koma dziko limene yankho lake kwa wotchera gwape ndi unyolo basi, pomwe thandizo la mliri linathera m'tauni, likuweruza mlandu womwe nalonso lili nawo mbali.

Mliri unaonetsa poyera kuti ubale wa nkhalango ndi midzi watsamira kwambiri pa mlendo wa ndege. Magulu monga Nyika-Vwaza Association amalandira gawo la ndalama za nkhalango, koma gawo la ndalama zomwe sizikubwera silimanga sukulu. Ulimi wa njuchi, maiwe a nsomba, mbuzi zopatsirana ndi minda yothirira m'midzi ya m'malire a nkhalango ndi zinthu zomwe zimapindulabe ndege zikaima, ndipo zikuyenera kulowa mu bajeti ya boma, zisamangodikira mabungwe akunja.

Aphungu a ku Machinga, Chikwawa, Kasungu, Rumphi ndi Nkhotakota, komwe anthu amagona moyang'anana ndi mpanda wa nkhalango, afunse Nyumba ya Malamulo kuti midzi imeneyi ilembedwe kale m'kaundula wa thandizo ladzidzidzi, kuti mliri wina ukadzagwa ndalama idzafike kumeneko mwezi woyamba womwewo.