Si Ulesi Ayi

Chichewa chilibe mawu otanthauza autism. Kusowa kwa mawu kumeneku si nkhani ya akatswiri a chiyankhulo okha, chifukwa pomwe dzina loona palibe, anthu amaikapo lawo. Kwathu ku Mwanza mwana wotere amatchedwa wozerezeka, wamwano, waulesi, mwinanso wolodzedwa. Ine ndili ndi autism, ndipo mayina onsewa ndidawamva kale ndisanamve dzina lenilenilo. Maganizo anga ndi akuti kudzikayikira kwa achinyamata onga ine sitibadwa nako. Kumamera kuchokera m'mayina amenewa.

Autism si misala, komanso si matenda opatsirana. Ndi mmene ubongo wa munthu udapangikira, ndipo amakula nawo mpaka ukalamba. Dokotala Leo Kanner adalemba za ana otere ku America mu 1943, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linkati pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism. Kuno zizindikiro zina zimabisala m'mwambo. Mwana wosayang'ana akuluakulu m'maso timati ngwaulemu. Koma yemweyo akaiwala moni wa m'mawa, kapena akayankha mosapita m'mbali, ulemu uja umasanduka mwano tsiku lomwelo.

Chomwe chimandisautsa kwambiri ndi kulongosola zinthu. Amene adafikapo pa chipata cha Mwanza, polowera ku Zobue m'dziko la Mozambique, amaudziwa mzere wa mathiraki omwe amagona pamenepo. Katundu alimo, injini ili bwino, dalaivala ngwodziwa ntchito, koma galimoto siisuntha chifukwa mapepala sanadindidwe. Mutu wanga uli choncho. Ndimadziwa zoti ndilembe m'chimangirizo, mwina kuposa anzanga ena, koma kusankha choyambira, kuyeza nthawi ndi kukumbukira pomwe ndasiya buku ndiye pachipata panga. Akatswiri amati executive function, kutanthauza luso la ubongo lokonza ntchito mwandondomeko, ndipo kwa ambiri a ife luso limeneli limatsimphina. Munthu wodutsa amangoona galimoto itaima n'kunena kuti dalaivala wagona.

Ukauzidwa zimenezi kuyambira sitandade 1 mpaka folomu 4, umayamba kudziuza wekha. Ukakhoza mayeso umati wachita mwayi, ukalephera umati ndi momwe ulili.

Malangizo akuti "ingolimbikira" ndimawakana. Ndi chimodzimodzi kuponda mafuta pa galimoto yomwe chipata sichinatsegulidwe. Chomwe chandithandiza ndi kuchotsa dongosolo m'mutu n'kuliika pa zinthu zooneka. Ndili ndi kope limodzi lokha, osati asanu, momwe ndimalembamo chilichonse. Makiyi ndi chiphaso cha sukulu zimagona m'mbale imodzi pafupi ndi chitseko. Alamu ya pafoni imandiuza nthawi yoyamba ntchito, osati nthawi yopereka. Sindilemba kuti "chimangirizo cha Lachisanu", chifukwa limenelo ndi phiri. Ndimalemba kuti "tsegula buku, werenga masamba awiri". Wogulitsa manachesi pamsika wa Mwanza sawerenga dengu lonse nthawi imodzi, amaunjika timilu.

Kumapeto kwa kopeli ndimalembako ntchito zomwe ndamaliza, ndi madeti ake. Ena angaone ngati zachibwana. Koma kudzikayikira kumayankhula ngati mboni yabodza pabwalo la amfumu, kumati "sunamalizepo kanthu iwe", ndipo mboni yotere siigonja ndi mawu okoma. Imagonja ndi umboni. Tsiku lomwe mtima wagwa, ndimatsegula tsamba limenelo n'kuwerenga.

Pali ena amati kutchula dzina la autism n'kupatsa mwana pobisalira ulesi. Nkhawa yawo ndikuimva, pakuti dzina lililonse munthu angathe kuligwiritsa ntchito molakwika. Komabe ine dzinali silidandichotsere ntchito ndi imodzi yomwe. Lidangondionetsa pomwe pali chotchinga, ndipo nyonga zomwe ndinkathera podzida ndimazithera pa kope lija.

Mutu umodzi susenza denga, choncho ndili ndi pempho kwa inu aphunzitsi athu. Dziko lino lidakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012, lomwe lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2024, ndipo koleji ya Montfort ku Chiradzulu imasula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Koma ulumali wosaoneka ndi maso suchedwa kuiwalika m'kalasi ya anthu mazana. Zomwe tikupempha sizidya ndalama. Malangizo a ntchito alembedwe, asamangonenedwa pakamwa belu litalira kale anthu akukoka mipando. Mukasintha chipinda kapena nthawi ya phunziro, tiuzeni dzulo lake. Ntchito yaikulu igawidwe m'zigawo, chilichonse ndi deti lake. Ndipo wophunzira akafunsa kachiwiri funso lomwe mwayankha kale, muyankheninso, makamaka polemba pabolodi.