Kandudu ka m'thumba kasatengere mwana ku Kamfinsa

Pa nkhani ya chamba, malamulo a Zambia ali ndi tsankho loonekeratu. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idavomereza Cannabis Act ndi Industrial Hemp Act, kulola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi laisensi. Wandalama akalima munda wonse, akuti akutukula dziko. Mnyamata wa ku Chimwemwe kapena ku Chipulukusu akapezeka ndi kandudu m'thumba, a bungwe la DEC lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo amuthira unyolo, ulendo wa ku ndende ya Kamfinsa kapena ya Kansenshi. Chilungamo chake chili pati?

Pansi pa lamulo lakale la 1993, kupitirira theka la giramu kunali kokwanira kuti munthu atchedwe wogulitsa, belo osapatsidwa. Theka la giramu! Lamulolo lidasinthidwa mu 2021, koma kupezeka ndi chamba chosuta wekha ndi mlandube.

Nanga ndendeyo imachiritsa ndani? Ndende zathu zadzaza mopyola muyeso. Anthu amagona mothithikana, chifuwa chachikulu chikuyenda mwa iwo. Kunja kwa geti mayi ali pamzere ndi kambale ka nsima kokulunga m'chitenje, ndalama ya lendi ataithera pa minibasi. Mwanayo adzatuluka zala zake zitadindidwa kale kupolisi. Akakafuna ntchito ku mgodi adzamufunsa police clearance, basi nkhani yathera pomwepo. Chomutsalira ndi kukakumba pa mulu wa zotsalira za mgodi ku Black Mountain, apo ayi kugulitsa chamba chomwecho, ndipo tsopano odziwa malondawo adawapeza m'selo.

Ndikudziwa zomwe amayi ogulitsa pa msika wa Chisokone anganene: “Ma junkies atisautsa, akutitsomphola mafoni dzuwa likuswa mtengo.” Akunena zoona, ndipo mkwiyo wawo ndi wanganso. Wakuba amangidwe chifukwa chakuba. Womenya anthu aweruzidwe chifukwa chomenya. Wobweretsa heroin, ndi wogulitsa ana mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, akapike ndende zaka zambiri. Koma amene wangopezeka ndi kochepa kogwiritsa yekha ntchito sanalakwire aliyense. Ngati kamukola, ndi wodwala, ndipo wodwala amafuna dokotala.

Dziko la Portugal lidachita zimenezi mu 2001. Wopezeka ndi mankhwala osapitirira a masiku 10 sapita kukhoti ya milandu. Amakaonekera ku komiti ya akatswiri a malamulo, a zaumoyo ndi a chisamaliro cha anthu, yomwe ingamutumize kukalandira thandizo. Ogulitsa akumangidwabe. Matenda a HIV pakati pa odzibaya jakisoni adatsika kwambiri.

Kwathu kuno kholo likaona mwana akusokonekera, dzina lobwera msanga ndi chipatala cha Chainama, ku Lusaka kutaliko. Ambiri amangobisa, kuopa kuti akaulula mwana amangidwa. Ndalama zodyetsera anyamatawa m'ndende bwanji osatsegulira malo othandiza osiya mankhwala ku Kitwe ndi ku Ndola konkuno?

Bambo Peter Sinkamba a Green Party, a ku Kitwe komweko, adayamba kalekale kunena zololeza chamba, anthu n'kumawaseka. Boma lidamva mbali yobweretsa ndalama yokha. Aphungu a Nkana, Wusakile, Chifubu ndi Kabushi, mukuwadziwa makolo a anyamatawa, adakuvoterani ndi iwowo. Pitani nayo nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo: kupezeka ndi kochepa kogwiritsa wekha ntchito kuchotsedwe pa milandu yomangitsa.